Mzinda wa Mawa M'bokosi la Tiyi

Lolemba

Kope ili ndi la miyeso ya anthu amene ndimawasokera zovala, koma masamba akumbuyo ali mbee. Ndilembamo zanga.

Amuna anga, bambo a Esinati, akananso. Kalata ya adokotala yoti akagonekedwe kuchipatala chachikulu ku Lilongwe ili m'Baibulo sabata yachitatu tsopano, ngati kuti Yobu ndiye aiwerenge. Lolemba likubwerali Che Amidu, oyandikana nafe, akupita komweko ndi lole ya usipa ndipo atisungira malo kutsogolo. Odwalawo akuti kumeneko n'kokafera, sakwera.

Chifuwachi anabwera nacho kuchokera ku Joni, pamodzi ndi sutikesi, jekete ndi makina anga osokerawa. Zaka khumi ndi ziwiri pansi pa nthaka. Tsopano ntchito yawo ndi kukhala pakhonde kuyang'ana khoma la khitchini. Phala masupuni atatu. Mawu patsiku sapitirira khumi, ndimawerenga. Ndili ndi mantha, ndilembe pano poti pakamwa sindinganene.

Chimene chimawatsegula pakamwa n'chimodzi, wailesi ya kanema. Akuti ndi bokosi lokhala ndi galasi, anthu amaoneka akuyenda m'katimo. Kuno kulibe, dziko lonse. Kumgodi linalipo limodzi muholo, ndipo sabata iliyonse ankaonetsa sewero la mzinda wa zaka zana zikubwerazo. Nkhani ina, anthu ena, koma mzinda womwewo. Anaonetsa kasanu basi, n'kusiya osalawira, n'kuikapo mpikisano wa mahatchi. Mpaka lero amadandaula ngati anawabera mbuzi.

M'mawa uno mtima wandikwera. Ndikufunsa kuti mukufuna chiyani kuti mukwere lole? Iwo, osandiyang'ana n'komwe: "Ndidzakwera ndikadzaonanso mzinda uja."

Akuyesa kuti andigwira! Zaka zonsezi sanandidziwebe.

Zofunika:
- bokosi la tiyi (Abiti Saidi, akazi a Che Amidu, ali nalo, mumagona nkhuku koma ichoka)
- mapepala a matumba a simenti, ndisokerere pamakina akhale chinthu chimodzi chachitali
- nsungwi ziwiri zopombera pepalalo
- makala, buluu wochapira, utoto wofiira wotsala pa boti
- ndowa, ndiziyankhuliramo kuti mawu azimveka achitsulo
- nkhani zisanu ndi imodzi, kuyambira mawa mpaka Lamulungu

Azungu anapereka zisanu, ine ndiwaposa ndi imodzi. Woonera mmodzi yekha, nthawi ya folo masana, pakhonde.

Ndawafunsa bambo a Esinati mochenjera kuti mzindawo unali wotani. "Nyumba zosanjikizana mpaka m'mitambo. Magalimoto ouluka. Anthu ena achitsulo. Zitseko zotseguka zokha." Mawu khumi ndi awiri nthawi imodzi! Ndatsala pang'ono kululuta.

Dzina la mzindawo aiwala. Ndautcha Mzinda wa Mawa.

Lachiwiri

Zala zanga zili bii. Diresi la ubatizo la eni ake lidikire.

Bokosi laima patebulo, ndadula zenera kutsogolo, pepala likuyenda bwino ndikapotoza nsungwi. Nyumba yaitali ndaipatsa nsanjika zana, kunena zoona ndasiyira pa makumi atatu ndi ziwiri, koma ndani awerenge?

Woonera mmodzi, ndinatero. Abiti Saidi abwera kudzaona ngati bokosi lawo ndikulisamala. Abwera ndi Che Amidu. Che Amidu abwera ndi alovi awo onse, asodzi a pa boti lawo, angodzuka kumene, maso ali psuu. Alendo khumi pakhonde langa!

Nkhani yoyamba: munthu wachitsulo amene amagwira ntchito kwa mayi wina wokalamba pansanjika yapamwamba. Tsiku lina mayiyo akumupempha kuti amuphunzitse kuuluka. Nkhani yabwino kwambiri. Sitinafikeko.

Wachitsulo uja wangolowa m'nyumba atanyamula tiyi, Abiti Saidi aimirira. "Imani kaye! Walowa wopanda odi? Analeredwa ndi ndani ameneyu?"

Ndabweza pepala m'mbuyo. Ndalowetsa mutu m'ndowa: "Odiii!" Khonde lonse: "Lowani!" Ndiye akuti agwade. Ndiye akuti afunse mmene agonera mayi. Ndiye mayi nawonso afunse za kunyumba kwa wachitsulo, ana ali bwanji, kaya ndi achitsulo nawonso. Moni yekha wadya nthawi yonse, khosi langa lauma.

Koma tamverani izi. Bambo a Esinati adzutsa mutu: "Chitseko chimatseguka chokha, odi wa chiyani?" Abiti akuti ngakhale chitseko chitatseguka chokha, pakamwa sipatseka. Akangana mpaka mthunzi wa mango wafika pamasitepe. Ine ndangoika mbale ya phala pamiyendo pawo mwakachetechete. Theka latha, eni ake osadziwa.

Madandaulo a lero:
- Galimoto yanga youluka akuti ikuoneka ngati kampango. (Ikuonekadi.)
- Che Amidu akufunsa kuti nyanja ili kuti. "Mzinda wopanda nyanja anthu ake ndiwo amazipeza kuti?"
- Bambo a Esinati akuti kumeneko sadya ndiwo, amameza mapiritsi awiri basi. Khonde lonse lapukusa mitu ndi chisoni.

Ndalonjeza nyanja. Buluu yense athera pamenepo, malaya a kutchalitchi aona okha chochita.

Lachitatu

Nyanja ilipo. Pofika masana Che Amidu adutsa, ayang'ana, akuti nanga usipa aziyanika pati? Ndajambula thandala padenga la nyumba yaitali. Akuti pamenepo akhwangwala amaliza. Ndajambula munthu wachitsulo wina woingitsa akhwangwala. Apita okhutira.

Oonera lero makumi atatu ndi kanthu. Ena abwera ndi mipando yawo. Mayi wina wogulitsa mpunga wa ku Chinguluwe waphonya basi dala.

Ndalengeza ndisanayambe kuti moni anapatsana kale kuseri, tisataye nthawi.

Nkhani yachiwiri: mkazi wina wa mu Mzinda wa Mawa, mwamuna wake ali kumwezi, akukumba mgodi. Pakhoma la nyumba yawo pali galasi. Akaligogoda katatu, nkhope ya mwamunayo imaoneka ndipo amacheza tsiku lililonse. Wadya chiyani, mwana wamera dzino, denga likudontha. Palibe kudikira kalata miyezi iwiri, palibe kupita kupositi n'kubwerako chimanjamanja.

Ndimayesa kuti ndapeka nkhani. Ndafika pakati ndazindikira kuti ndikunena zanga. Mawu andithawa, ndalira mutu uli m'ndowa, ndipo ndowa yakuza kulirako mpaka kumveka ngati ng'ombe. Palibe waseka. Theka la amayi a pakhondepo amuna awo ali ku Joni lero lino. Abiti Saidi akupukuta maso ndi ngodya ya mpango.

Ndasuzumira pambali pa bokosi. Bambo a Esinati akuyang'ana kamunthu kanga ka kumwezi, kokhala ndi chipewa ndi nyali pamphumi. Ayang'ana nthawi yaitali. Kenako pang'onopang'ono: "Mayi a Esinati, mumuveke kansalu pamphuno ameneyo. Fumbi la pansi si labwino."

Ndamuveka pomwepo, ndi makala.

Phala mbale yonse. Dzira limodzi. Mawu ndasiya kuwerenga atapitirira makumi anayi.

Vuto: chakumapeto kwafika a tcheyamani a chipani a dera lino, ndi njinga yawo ya belu. Anthu awapatsa mpando wabwino. Aonera mwaulemu, aombanso m'manja. Potsanzika akuti gulu lotere pamalo amodzi liyenera kudziwika, ndipo mawa abwera kudzayendera mzindawu asanauone anthu.

Kudzayendera! Mzinda wa papepala la simenti!

Lachinayi

Lero kulibe nkhani. Lero n'kuyendera.

A tcheyamani si munthu woipa, malaya awo a msonkhano ndinasoka ndine. Koma akavala baji amasanduka ena. Akhala kutsogolo kwa bokosi, ine ndikupotoza nsungwi pang'onopang'ono, anthu aima kumbuyo ngati pa sikelo ya ana.

Zoti ndikonze:
- madiresi a amayi onse a mumzindamo atsike mpaka kubisa mawondo
- amuna awiri tsitsi lawatalikira, amete
- mbendera pa nyumba yaitali
- aliyense akhale ndi khadi ya chipani

Ndafunsa ngati achitsulo nawonso. Aganiza kaye. "Ngati amalowa mumsika, akhale nayo."

Zonsezi n'zotheka, makala alipo. Kenako afunsa funso lija. "Nanga mayi, zaka zana zikubwerazo, akulamulira mzinda umenewu ndani?"



Che Amidu ayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwawo ngati aziona koyamba. Mayi wina wakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya nyemba pamoto. Ndikatchula wina, ndiye kuti ndanena kuti amene alipowa adzachoka, ndipo lero sindigona pakhomo pano. Ndikati ndi omwewa, zaka zana, wina aseka, ndipo woseka ndi wonena tipitira limodzi. A tcheyamani nawonso azindikira chimene afunsa. Thukuta kamukamu. Akufuna kulibweza funsolo koma latuluka kale.

Ndiye kumbuyo kwamveka mawu, a munthu amene sabata yatha samayankha ngakhale moni: "Si zaka zana ayi, a tcheyamani, mayiwa anasokoneza. Ndi chaka chamawa. Chitukuko chikuthamanga."

A tcheyamani adumpha, awagwira chanza ndi manja awiri. "Chaka chamawa! Eya! Ndi zimene ndimaganiza!" Khonde lonse lapuma.

Koma taonani mtengo wake. Ngati ndi chaka chamawa, akuti tisanamize anthu. Nsanjika makumi atatu ndi ziwiri ku Salima pofika chaka chamawa? Zitsike zikhale zitatu. Magalimoto ouluka alibe chilolezo, atere pansi, ndiwaikire mateyala. Mgodi wa kumwezi uyambe wadikira.

Zaka makumi asanu ndi anayi mphambu zisanu ndi zinayi zapita masana amodzi!

Anthu atabalalika, bambo a Esinati ayamba kuseka. Akuti "chitukuko chikuthamanga," n'kusekanso, misozi mbwee. Kuseka kwawo ndinakuiwala, kumayambira m'mapewa. Nanenso ndaseka mpaka kukhala pansi. Kenako kuseka kwasanduka chifuwa, chifuwa chosatha. Abisa kansalu m'thumba msangamsanga.

Akuiwala kuti wochapa ndine. Ndakaona. Pali magazi.

Kwatsala masiku atatu lole isananyamuke.

Lachisanu

Tayamba mochedwerako kudikira a kumzikiti atuluke ku swala. Abwera onse ndi mikanjo yoyera, khonde likuoneka ngati pa ukwati.

Mzinda wafupika. Pamene panali nsanjika zapamwamba ndapaka makala, ndati ndi mitambo ya mvula. Kampango ali ndi mateyala.

Nkhani yachitatu: mwana wagwera m'nyanja, wachitsulo uja wa odi wadumphira m'madzi n'kumupulumutsa. Koma madzi amulowa, dzimbiri lamugwira, waima osayendanso. Mayi wokalamba walira pang'ono, akampani abwera kudzamutenga kukataya, amubweretsera watsopano. Ndimafuna anthu amve chisoni pang'ono, kenako tiimbe.

Kukataya! Ndalakwa ine.

Abiti Saidi: "Munthu wagwada, wapereka moni, wapulumutsa mwana, inu mukukamutaya kudzala?" Che Amidu akuti maliro achitike, ndipo achitike lero dzuwa lisanalowe, poti malemuwa anali Msilamu. Umboni: sanaonekepo akumwa mowa kapena kudya nkhumba. Amayi anzanga a kutchalitchi akuti ayi, anali wathu, m'nyumba imene amagwira ntchito muli mtanda pakhoma. Ndayesa kunena kuti umenewo si mtanda, ndi felemu ya zenera. Palibe akundimva.

Mkangano watha chonchi:
- mzikiti mbali iyi
- tchalitchi mbali iyo
- manda awiri, mitengo yake yofanana kuti wina asadandaule
- malemu aikidwa pakati, pamalire
- a mikanjo apereka dua, pemphero lawo, ife taimba nyimbo imodzi

A tcheyamani ayankhula m'malo mwa chipani. Akuti malemuwa anali ndi khadi.

Ndiye Abiti Saidi alamula kuti mawa kusakhale sewero. Mudzi uli pamaliro suchita masewera, ngakhale mudzi wa m'bokosi. Onse avomera. Ine mwini mzinda sanandifunse. Pochoka andisiyira kambale ka ufa kachipepeso, ndipo sindikudziwa ngati akuseka kapena ayi.

Zonsezi zikanakhala zoseketsa. Koma anthu atapita ndapeza bambo a Esinati asendeza mpando pafupi ndi bokosi. Sakuyang'ana nyanja, sakuyang'ana mbendera. Akuyang'ana manda.

"Mwajambula bwino," akutero. "Pali mthunzi."

Phala sanalikhudze. Ine chitsiru, munthu akudwala ndikumujambulira manda, awiri! Ndikanatha kudula dzanja ili ndi sizasi.

Loweruka

Tili pamaliro, sewero kulibe.

Ndatulutsa pepala kuti ndifufute manda aja, ndaliyanika pachingwe, ndalowa kukatenga madzi. Potuluka ndapeza mbuzi ya a tcheyamani ili chiimire ndi miyendo iwiri. Yadya mwezi. Yadya mitambo, nsanjika yachitatu ndi yachiwiri, mbendera, ndi wachitsulo woingitsa akhwangwala. Manda yasiya. Mbuzi ya chipani kudya mbendera, ndikauze ndani?

Ndabwerera pakhonde, nkhuku ya Abiti Saidi yalowanso m'bokosi mwake. Yaikira dzira. Ikundiyang'ana ngati wobwereka ndine, ndipo ikunena zoona.

Anthu abwerabe, akuti kudzakhala nawo pamaliro. Aona pepala lotsala ndikulisokerera, ndiye aliyense ali ndi pempho. Che Amidu akuti poti ndi chaka chamawa, boti lawo lidzakhalapo, ndiliike, dzina lake lioneke. Abiti Saidi thandala lawo litsike padenga libwere pamchenga. A tcheyamani njinga. Mayi wa mpunga wabweranso, akufuna pamsika pakhale iye ndi lichero lake. Alovi akufuna onse asanu ndi atatu, ndipo wina akudandaula kuti ndamupatsa mutu waukulu. Mutuwo ndi wake ndithu.

Ndajambula zonse. Ndilibenso mphamvu zokana.

Kumapeto kwa pepala kwatsala malo ngati chikhatho. Ndaikapo nyumba yathu, mango, khonde, ine pamakina. Ndajambula mpando wa bambo a Esinati. Pofuna kujambula eni mpando dzanja lakana. Ndayesa kawiri. Ndimangoona kansalu ka magazi kaja, ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa ndili ndi ufulu wowaikapo. Ndausiya wopanda munthu.

Zotsala mu Mzinda wa Mawa: nyumba zapansi, nyanja, maboti, mzikiti, tchalitchi, manda, msika, lole imodzi yooneka ngati kampango. Anthu achitsulo: palibe. Chouluka: palibe, kupatula khwangwala.

Ndawauza bambo a Esinati kuti ndalephera, mzinda wawo uja sindingathe kuwaonetsa. Mawu a lero: anayi. Phala masupuni awiri.

Che Amidu akufunsa ngati malo a kutsogolo aja awapatse wina. Ndati adikire mpaka mawa, koma ndanena ndi pakamwa pokha.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndi bulauzi yotuwa, buluu ali m'nyanja.

Folo koloko. Pakhonde palibe munthu. A kunyanja akusoka maukonde, amayi ali ku chinkhoswe kutsidya kwa msewu, a tcheyamani akufunafuna mbuzi yawo, akuti ikudwala m'mimba. Ndowa ili kuchitsime. Nkhani ndilibe. Ndayamba kuchotsa nsungwi kuti bokosi libwerere kwa eni ake.

"Nthawi yakwana," akutero bambo a Esinati. "Simuyatsa?"

Woonera mmodzi, monga ndinakonzera Lolemba. Ndasuntha nkhuku, ndapotoza nsungwi. Boti la Che Amidu ladutsa. Thandala. Msika. Njinga. Manda ndawadutsitsa mothamanga.

Akuti mzinda uja sunali chonchi ngakhale pang'ono. Ndati ndikudziwa.

Ndiye andiuza chimene sanandiuzepo. Muholo muja ankakhala kumbuyo kwenikweni, bokosi lili kutali, likuyankhula chizungu chothamanga. Sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe. Nkhani zake sakuzidziwa, kasanu konse. Ankangoyang'ana mazenera a nyumba zazitalizo, mazenera mazanamazana oyaka, kufunafuna limodzi loti mwina muoneka mayi atakhala pamakina osokera. Analibe. Atasiya kuonetsa, chinawapweteka n'choti anali asanamalize kuyang'ana mazenera onse.

Ine kuseri kwa bokosi, ndowa palibe yobisamo nkhope.

Pepala lafika kumapeto. Nyumba yathu, mango, ine pamakina. Akuti ndiime pomwepo. Ayang'ana, asendera pafupi.

"Chimenechi ndi chaka chamawa?"

Ndati anatero a tcheyamani.

"Nanga pampando wangapa pali ndani?"

Ndati palibe.

"Chaka chamawa, inu pamakina, mpando wanga uli pululu? Kuti adzakhalepo ndani?"

Atenga khala pawindo, alowetsa dzanja pazenera la bokosi, adzijambula okha. Mutu ngati dzungu, miyendo ngati ya kakowa, dzanja limodzi lalitali mpaka kufika pamakina anga. Luso alibe, ndinene zoona. Apukuta zala pa thalauza loyera limene ndachapa dzulo.

Kenako, akuyang'ana khoma la khitchini ngati sakunena kanthu: "Jekete ija muisite. Ndipo mukawauze Che Amidu kuti ine sindikhala pafupi ndi zenera, mphepo."

Basi. Mzinda wa Mawa watsekedwa. Nkhani zitatu, imodzi yosafika kumapeto. Azungu andiposa ndi ziwiri. Bokosi latengedwa ndi nkhuku, mwezi uli m'mimba mwa mbuzi, diresi la ubatizo silinasokedwe. Kachidutswa ka kumapeto ndadula ndi sizasi, ndakapinda, ndakaika m'thumba la jekete pamodzi ndi kalata ya adokotala.

Ngati adzabwerako sindikudziwa. Lole inyamuka sikisi koloko. Makala otsala pojambula ndathira mu simbi, ikutentha.